Kuchipatala n'kutali bwanji? Kuyeza ulendo wa wodwala m'midzi ya Lilongwe

Funso loti kuchipatala n'kutali bwanji lili ndi mayankho ambiri kuposa momwe wofunsa amayembekezera. Mnyamata wa kabaza pa Chiwamba akuyankhani m'makwacha. Agogo a nyamakazi akuuzani kuti akanyamuka tambala atangolira, amakafika dzuwa litakwera ndithu. Wa ku ofesi ya zaumoyo ku Lilongwe atambasula mapu n'kukuwerengerani makilomita. Palibe wonama mwa atatuwa. Koma boma likamasankha pomanga chipatala chatsopano, kapena poika ambulansi imodzi yomwe yapezeka, limagwira yankho limodzi, ndipo yankho limenelo ndilo limagamula mudzi wothandizidwa chaka chino ndi mudzi wodikira zaka zina khumi.

Boma la Lilongwe limanyenga maso pa nkhaniyi. Likulu la dziko lili pakati pake. Chipatala chachikulu cha Kamuzu Central, chomwe chidatsegulidwa mu 1977, chili mumzindamo, pamodzi ndi cha Bwaila kumene amayi ochuluka amachirira. Womva dzina loti Lilongwe amaganiza za phula ndi magetsi. Komatu kalembera wa 2018 adapeza anthu 989,318 mumzinda, pamene m'midzi yozungulira mzindawo, kuyambira ku Namitete ndi Mpingu, kudzera ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, mpaka ku Chiwamba ndi madera ena onse, munali anthu 1,637,583. Palibe boma lina m'Malawi muno lokhala ndi anthu ochuluka chotere, ndipo ambiri mwa iwo ulendo wa kuchipatala amauyamba wapansi.

Muyeso wakale kwambiri, womwenso ndi wosavuta, ndi wa bwalo. Kwa zaka zambiri Unduna wa Zaumoyo unkati munthu aliyense akhale mkati mwa makilomita 8 kuchokera pa chipatala, ndipo m'zaka zaposachedwa cholingacho chidatsitsidwa kufika pa makilomita 5. Woyeza amaika kadontho pa mapu pamene pali chipatala, n'kujambula bwalo kuzungulira kadonthoko, kenaka n'kuwerenga anthu omwe agwera mkati. Otsala kunja ndiwo akutali. Kuti ntchitoyi itheke pamafunika zinthu ziwiri: kudziwa pamene chipatala chilichonse chaima, ndi kudziwa kumene anthu amagona. Choyambacho chidapeza maziko olimba mu 2013 ndi 2014, pamene kafukufuku wa boma adayendera pafupifupi zipatala zonse za m'dziko muno n'kulemba malo ake ndi makina a GPS. Chachiwiricho chimachokera ku kalembera, koma popeza kalembera amachitika kamodzi pa zaka khumi, akatswiri amawonjezera ndi zithunzi za setilaiti momwe madenga a nyumba amaoneka. Gulu la WorldPop la pa yunivesite ya Southampton ku England limagawa dziko m'tizigawo ta mamita 100 m'litali ndi m'lifupi, n'kuyerekeza anthu okhala m'kachigawo kalikonse.

Kusintha kuchoka pa 8 kufika pa 5 kumamveka ngati kakang'ono, koma masamu ake ndi olemera. Bwalo la makilomita 8 limaphimba malo okwana masikweya kilomita pafupifupi 200, pamene la makilomita 5 limaphimba osakwana 80. Kuti malo omwewo aphimbidwe, zipatala ziyenera kuchuluka kawiri ndi theka. Boma la Lilongwe ndi lalikulu masikweya kilomita oposa 6,000, ndiye aliyense akhoza kudziwerengera yekha kukula kwa lonjezolo.

Vuto la bwalo ndi lakuti limayeza mtunda ngati chingwe cha mmisiri womanga nyumba, chokokedwa mowongoka kuchoka pachikhomo china kufika pa chinzake. Munthu sayenda choncho. Kumapiri, monga ku Neno kapena ku Misuku, aliyense amadziwa kale kuti mzere wowongoka sunena zoona. Ku chigwa cha Lilongwe n'kumene woyeza amapusitsika msanga, chifukwa dziko n'lathyathyathya ndipo pa mapu sipaoneka chotchinga. Chotchinga cha kuno ndi dambo. Midzi imakhala pamitunda, ndipo pakati pa mtunda wina ndi unzake pamadutsa dambo lomwe limakathira madzi ake m'mitsinje monga Lingadzi, Lumbadzi, Nambuma, Namitete ndi Bua. Mu Seputembala njira imadula pakati pa dambolo, kulambalala madimba a tomato ndi mpiru, mwana wasukulu n'kuwoloka osavula nsapato. Mu Febuluwale malo omwewo madzi amalekeza m'chiuno, dothi la makande limagwira mapazi ndi matayala, ndipo wofuna kutsidya ayenera kuzungulira mpaka pamene pali mlatho. Makilomita 4 a pa mapu amasanduka 10 a m'miyendo.

Chomvetsa chisoni n'chakuti njira imatalika pa nyengo yomwe anthu amaifuna kwambiri. Miyezi ya dzinja ndiyo ya malungo ndi kutsegula m'mimba. Ndiyonso miyezi yomwe nkhokwe zimapepuka, ndalama za fodya wa chaka chatha zidatha kalekale, za chaka chino zikudikira misika ya mu Epulo, ndipo tsiku lililonse lotayidwa panjira ndi tsiku lomwe m'munda simunapaliridwe. Muyeso wotengedwa kamodzi m'chilimwe, galimoto ya kafukufuku ikuyenda bwinobwino pamsewu wouma, umabisa zonsezi.

N'chifukwa chake akatswiri ambiri adasiya kufunsa makilomita n'kuyamba kufunsa maola. Njira yake ndi iyi. Dera lonse limagawidwa m'tizigawo ting'onoting'ono, ndipo kachigawo kalikonse kamapatsidwa liwiro malinga ndi chomwe chili pamenepo. Pa phula, monga pamsewu wa M12 wochoka ku Lilongwe kudzera pa Mpingu, Msundwe ndi Namitete kupita ku Mchinji, galimoto imathamanga. Pamsewu wafumbi imachepetsa. M'munda ndi m'tchire munthu amayenda wapansi, mwina makilomita 4 kapena 5 pa ola. Mtsinje umatengedwa ngati khoma, loboola pokhapo pali mlatho. Kenaka kompyuta imafunafuna njira yachangu kwambiri kuchoka m'kachigawo kalikonse kukafika pa chipatala, n'kutulutsa mapu amitundumitundu osonyeza ofika mkati mwa theka la ola, ola limodzi, maola awiri ndi kupitirira apo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, lili ndi pologalamu yaulere yogwirira ntchitoyi yotchedwa AccessMod. Mwa njira yofanana nayo, Daniel Weiss ndi anzake adafalitsa mapu a dziko lonse lapansi mu 2020. Adapeza kuti anthu pafupifupi 9 pa 100 alionse sangafike pa chipatala mkati mwa ola limodzi ngakhale atakwera galimoto, koma akati onse ayende wapansi, chiwerengerocho chimakwera kufika pa 43. Dziko ndi lomwelo, zipatala ndi zomwezo. Chasintha ndi chokwera basi.

Apa ndi pamene wowerenga mapu ayenera kutsegula maso, chifukwa kompyuta imangomvera zomwe yauzidwa. Ikauzidwa kuti munthu akafika pamsewu amakwera galimoto, imaganiza kuti galimotoyo ikumudikira, injini ikulira. Siidziwa kuti minibasi siinyamuka isanadzaze. Siidziwa kuti usiku wa kabaza amakweza mtengo kapena kukana kumene, poopa achifwamba olanda njinga. Siidziwa kuti m'midzi yambiri ya kuno ambulansi yeniyeni ndi ngolo, ndipo ngolo imayamba ndi kugogoda pakhomo pa mwini wake, kutulutsa ng'ombe m'khola ndi kuzimanga goli, kenaka ulendo wake n'kuyenda pa liwiro losasiyana kwenikweni ndi la munthu wapansi. Ngakhale liwiro la wapansilo ndi la munthu wabwinobwino. Mayi amene matenda ayamba amayenda pang'ono n'kuima, kugwira mtengo mpaka ululu utadutsa. Wobereka mwana wotentha thupi kumsana, wina atamugwira padzanja, sayenda makilomita 5 pa ola. Ine ndimaona kuti muyeso woyenera dzina lake ndi womwe watengera woyenda movutikira kwambiri, pa mwezi wovuta kwambiri, chifukwa ameneyo ndiye amene chipatala chidamangidwira.

Funso lina lomwe bwalo silifunsa ndi lakuti: kufika pa chipatala chanji? Pa mapu madontho onse amafanana, koma pansi pano safanana. Chipatala chaching'ono monga cha pa Chiwamba ntchito yake ndi sikelo ya ana ndi amayi, katemera, kuyeza ndi kuchiza malungo, kupereka ma ARV ndi kuchiritsa amayi omwe zinthu zikuwayendera bwino. Mwana akapingasa m'mimba, kapena mayi akayamba kutaya magazi kwambiri, pamafunika chipinda cha opaleshoni, wogonetsa odwala ndi magazi owonjezera, zomwe zipatala zazing'ono zilibe. Mu 2015 komiti ya akatswiri a opaleshoni yomwe idakhazikitsidwa ndi magazini ya The Lancet idalimbikitsa kuti maiko aziyeza chiwerengero cha anthu omwe angafike mkati mwa maola awiri pamalo pochitika maopaleshoni atatu opulumutsa moyo: kutulutsa mwana, kutsegula m'mimba mwangozi, ndi kukonza fupa lothyoka lomwe laboola khungu. Mu 2018 Paul Ouma ndi anzake adawerengera kuti kum'mwera kwa chipululu cha Sahara anthu 29 pa 100 alionse amakhala kutali koposa maola awiri ndi chipatala chachikulu cha boma kapena cha mishoni.

Choncho ulendo wa wodwala mwakayakaya uli ndi zigawo ziwiri. Choyamba ndi kuchoka kumudzi kufika pa chipatala chaching'ono. Chachiwiri chimayamba anamwino akanena kuti apa sitikwanitsa, tikutumizani ku Bwaila kapena ku Central. Chigawo chachiwirichi kawirikawiri chimawerengedwa molakwika, chifukwa ambulansi siigona pa chipatala chilichonse. Imaitanidwa pa foni, imachokera kwina, nthawi zina ili kale ndi wodwala wina, ndipo mtunda umene pa mapu ndi umodzi iyo imauyenda kawiri, pobwera ndi pobwerera. Mafuta a galimoto akasowa m'dziko, monga zidachitikira mu 2011 ndi 2012 komanso kangapo kuyambira mu 2022, maola a pa mapu aja amangotsala papepala.

Kumadzulo kwa boma la Lilongwe anthu ali ndi kwina kothawira. Ku Namitete, makilomita pafupifupi 60 kuchoka mumzinda, kuli chipatala cha St Gabriel's chomwe masisitere a Chikarmeli ochokera ku Luxembourg adayambitsa mu 1959. Ku Kabudula kuli chipatala cha boma chokulirapo kuposa zazing'ono zozungulira, ndipo ku Nambuma kuli cha mishoni ya Akatolika. Koma apa pakubuka muyeso wina womwe suoneka pa chithunzi cha setilaiti: ndalama. Zipatala za boma n'zaulere, pamene za mipingo, zomwe zili pansi pa bungwe la CHAM, n'zolipira. Kwa banja lopanda kanthu m'thumba, chipatala cholipira chomwe chili kuseri kwa mudzi chimakhala kutali kuposa chaulere cha maola atatu, ndipo amachidutsa akuchiona. Kafukufuku wina wa ku Neno adaonetsa kuti pamene malipiro adayambitsidwa m'zipatala zina za mishoni, obwera kudzalandira chithandizo adachepa ndi oposa theka. Kuyambira mu 2006 boma lakhala likuchita mapangano ndi zipatala za CHAM kuti lizizilipira, makamaka pa chithandizo cha amayi oyembekezera ndi ana, kuti anthuwo azithandizidwa ulere. Pangano lotere likasainidwa, mapu a dera lonse amasintha popanda njerwa ngakhale imodzi kuumbidwa. Likaima chifukwa ngongole sizinalipidwe, mapuwo amabwerera mwakale, koma kadontho kaja kamangokhalabe pamalo pake ngati palibe chachitika.

Kufika n'kwina, kuonana ndi adokotala n'kwinanso. Chipatala chokhala ndi wothandiza odwala mmodzi pa anthu 40,000 sichifanana ndi chokhala ndi atatu pa anthu 10,000, ngakhale zonse zitakhala pa ola limodzi kuchokera kwanu. Mu 2003 Wei Luo ndi Fahui Wang, pofufuza za madokotala m'dera la Chicago ku America, adafotokoza njira ya masitepe awiri yomwe lero ikugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri. Poyamba amaima pa chipatala n'kuwerenga anthu onse omwe angafikepo, n'kuwagawira ogwira ntchito omwe alipo. Kenaka amaima pamudzi n'kuphatikiza magawo a zipatala zonse zomwe mudziwo ungafikeko. Zotsatira zake zimaulula midzi yomwe ili pafupi ndi chipatala koma ikulimbirana anamwino mmodzi ndi midzi ina yosawerengeka. Amayi omwe amanyamuka usiku kuti akakhale oyamba pamzere amadziwa masamu amenewa popanda kuwaphunzira m'kalasi.

Nanga bwanji osangowafunsa anthu eni ake? Zimachitika ndithu. Pa kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko lonse wa 2015 ndi 2016, amayi 56 pa 100 alionse adati kutalika kwa mtunda ndi vuto lalikulu akafuna chithandizo. Koma kufunsa nako kuli ndi mbuna zake. Munthu wozolowera kuyenda amaloza ndi mlomo n'kunena kuti ndi apa, pamene apa pakepo ndi maola awiri. Mbuna yozama kwambiri ndi ya malo ofunsira. Wofufuza akaima pakhonde la chipatala n'kumafunsa odwala kutalika kwa ulendo wawo, amangomva kwa omwe akwanitsa kufika. Kaundula wa odwala naye ndi chimodzimodzi: maina a midzi yapafupi amadzaza masamba, a midzi yakutali amaoneka apo ndi apo. Wowerenga mothamanga akhoza kuganiza kuti kutaliko anthu sadwala, pamene kumeneko n'kumene akugula panado pagolosale, kumwa zitsamba ndi kudikira kuti aone mmene kuchere.

Kudikira kumeneku Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine adakufotokoza mu 1994, polemba za imfa za amayi pa uchembere. Adati kuchedwa kumachitika patatu: posankha kupita kuchipatala, panjira, ndi polandira chithandizo utafika. Mapu amayeza kwapakatiko kokha. Koma mtunda umalowa kale m'nyumba ulendo usanayambe. Kukakhala pafupi, mayi amangobereka mwana n'kunyamuka. Kukakhala kutali, nkhani imafuna bambo wa pakhomo, imafuna atsibweni monga mwini mbumba, imafuna wogula nkhuku kapena mbuzi kuti ya kabaza ipezeke, imafunanso wotsala ndi ana ndi wopita kukadwazika matenda. Zokambirana zonsezi zimadya maola omwe kompyuta siiona.

Ngakhale miyeso ili ndi zofooka zotere, yasintha zinthu zooneka. Mu 2008 Malawi idayamba kutsegula tizipatala ta m'midzi m'madera otchedwa ovuta kufikako, omwe amasankhidwa poona mtunda komanso zotchinga monga mitsinje ndi mapiri. M'tizipatalati mlangizi wa zaumoyo amayeza ndi kuchiza ana osakwana zaka zisanu omwe ali ndi malungo, chibayo kapena kutsegula m'mimba, ndipo wodwalitsa amamutumiza patsogolo. Ntchito ya alangiziwa idachokera kwa obaya katemera wa nthomba ndi olimbana ndi kolera a m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ndipo cholinga cha boma ndi chakuti pakhale mlangizi mmodzi pa anthu 1,000 alionse. Mwana amene akadayenda maola atatu kumsana kwa amake amalandira mankhwala a malungo a LA pansi pa mtengo wa m'mudzi mwawo. Koma nako kachipatala ka m'mudzi kamayenera kuwerengedwa mosamala. Mlangizi akasowa nyumba m'deralo n'kumakhala pa tauni yapafupi, kapena bokosi lake la mankhwala likakhala lopanda kanthu, kadontho kake pa mapu kamalonjeza zomwe usiku wa Loweruka sizipezeka.

Pa uchembere kusintha kwakhala kwakukulu. Mu 1992 ana 55 pa 100 alionse ankabadwira kuchipatala. Pofika 2015 ndi 2016 adafika 91. Imfa za amayi zidatsika kuchoka pa 984 pa ana 100,000 obadwa amoyo mu kafukufuku wa 2004 kufika pa 439 mu wa 2015 ndi 2016. Mu 2007 boma lidaletsa azamba a m'midzi kuchiritsa amayi, ndipo mu 2012 Pulezidenti Joyce Banda adakhazikitsa ndondomeko ya uchembere wabwino yomwe idalimbikitsa kumanga zidikiro ndi kugwira ntchito ndi mafumu, motsogozedwa ndi Inkosi Kwataine ya ku Ntcheu. Chidikiro chimathetsa ulendo wa usiku, koma chimausandutsa masabata: mayi amachoka pakhomo mwezi wake usanakwane, atasenza ufa, nkhuni ndi ndiwo, wina womuyang'anira n'kusiyanso munda wake. M'madera ambiri mafumu adaika chindapusa cha nkhuku, mbuzi kapena ndalama kwa wochirira kunyumba kapena panjira. Cholinga chake n'chopulumutsa miyoyo, ndipo palibe angatsutse kuti chathandiza. Koma chindapusa chofanana kwa wokhala kuseri kwa mpanda wa chipatala ndi wokhala kutsidya kwa madambo awiri chimagwera kwambiri amene mtunda udamulanga kale. Mfumu yokhala ndi muyeso woona wa ulendo wa mudzi uliwonse ikhoza kuweruza nkhani zotere mwachilungamo chokulirapo.

Muyeso woterowo suli kutali ndi ife. M'zipatala zambiri zazing'ono, pakhoma pamakhala mapu ojambula pamanja, osonyeza midzi, mijigo, masukulu ndi mitsinje ya dera lonse. Alangizi a zaumoyo ali ndi kaundula wa mabanja a m'midzi yawo. Amadziwa mlatho womwe udakokoloka, khwawa lomwe limadzaza mvula ikagwa kumtunda ngakhale kuno kuli dzuwa, ndi mudzi womwe uli ndi ngolo imodzi yokha. Foni yokhala ndi GPS ikhoza kulemba njira ndi nthawi yake munthu akuyenda. Komiti ya zaumoyo ya m'mudzi itayenda ulendo wa kuchipatala kawiri pachaka, mu Seputembala ndi mu Febuluwale, pa liwiro la mayi wobereka mwana, n'kulemba mtengo wa kabaza masana ndi usiku, kompyuta ya ku Lilongwe ikhoza kudyetsedwa manambala ochokera pansi m'malo mwa ongoyerekeza.

Manambala otere nthawi zina amaloza kumene anthu samayembekezera. Amatha kuonetsa kuti midzi isanu yomwe ikupempha chipatala ili pa mphindi 40 zokha m'chilimwe, ndipo chomwe chimaitalikitsa m'dzinja ndi dambo limodzi. Pamenepo chofunika ndi kamlatho ka konkire ndi kukweza msewu pamalo amodzi, ntchito yotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi kumanga chipatala, nyumba za ogwira ntchito ndi kupeza anamwino oti akakhalemo. Ntchito imeneyo siili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Imayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kupita ku ya dera la mfumu yaikulu, n'kukalowa mu ndondomeko ya khonsolo ya boma la Lilongwe, kumene imakapikisana ndi midadada ya sukulu, mijigo ndi misika.